Hodge kapena Judd? Mkangano wa ine ndi mlamu wanga

Mphunzitsi wa ku Chipoka

Moni nonse. Ndili ndi mkangano ndi mlamu wanga womwe watha miyezi iwiri pa WhatsApp osaoneka mutu wake, ndiye ndati ndiutule pano, mwina alipo ena otsatira mpira wa ku Australia. Ndikunena uja wa mpira wooneka ngati dzira, wosewera anthu 18 mbali iliyonse, golo lake mitengo inayi yoimirira yopanda mtanda pamwamba.

Ine mpirawu unandipeza pa kaunjika. Zaka zinayi zapitazo ndinali pa Kamuzu Road kufuna malaya oti ndizivala masana pophunzitsa anyamata mpira kusukulu. Pansi pa mulu ndinasolola jezi yopanda manja, ya mizere yotsika, ina yabulawuni ina yachikasu, nsalu yake yolimba moti ungaikoke ndi manja awiri osang'ambika. Kumsana nambala 15, pachifuwa zilembo zoti AFL. Wogulitsa anati ndi ya basketball. Usiku nditafufuza pa foni ndinapeza kuti ndi ya timu ya Hawthorn ya ku Melbourne, ndipo nambalayo ankavala ndi Luke Hodge. Bandulo ya mwezi wathunthu inathera pa YouTube m'masiku atatu.

Kwa amene simuudziwa: ligi yake ndi AFL, matimu alipo 18, ndipo sizoni ikatha, cha mu Novembala, amakhala pansi n'kumasankha anyamata a zaka 18 mmodzimmodzi. Amati draft, ndipo inayamba mu 1986. Yoyamba kusankha imakhala timu yomwe yathera pansi penipeni pa ligi, akatswiri amasankha kumapeto. Taganizani kwathu kuno timu yakumchira itapatsidwa mnyamata woposa onse m'Malawi muno, Bullets ndi Wanderers zikungoyang'ana. Kumeneko n'zimene zimachitika chaka ndi chaka, ndipo palibe timu yotuluka mu ligi.

Tsono mu 2001 anyamata atatu oyamba anali awa: Luke Hodge woyamba, kupita ku Hawthorn, Luke Ball wachiwiri, ku St Kilda, Chris Judd wachitatu, ku West Coast ya ku Perth. Hawthorn sinali yakumchira chaka chimenecho. Mwayi woyambawo inachita kuugula kwa Fremantle popereka osewera ake awiri, Trent Croad ndi Luke McPharlin. Ndiye kuti inalipira modula, ndipo Judd anali poyera pomwepo, koma inamudumpha.

Mlamu wanga akuti Hawthorn inalakwitsa, kungoti zikho zinabisa cholakwacho. Ine ndikuti ayi. Hodge anasewera magemu 346, anatenga zikho zinayi, 2008, 2013, 2014 ndi 2015, zitatu zomalizazo ali kaputeni. Mendulo ya Norm Smith, yomwe amapatsa wosewera bwino kuposa onse pa fainolo, anaitenga kawiri, 2008 ndi 2014.

Fainolo ya 2008 ija ndaionera mwina kasanu. Geelong inali itagonja gemu imodzi yokha sizoni yonse, aliyense ankadziwa kuti chikho ndi chawo. Hodge analowa ali ndi nthiti zopweteka kuchokera pa gemu yam'mbuyo mwake. Mukamuyang'anitsitsa sathamanga kwambiri ayi. Amaima kumbuyo, dzanja likuloza uku ndi uku, pakamwa posatseka, kukankhira anzake m'malo awo. Mpira ukabwera m'mwamba amabwerera chambuyo kukauwakha, akudziwa bwinobwino kuti kumsana kwake kukubwera chimunthu cha makilogalamu 100 chili pa liwiro. Akaugwira, mwendo wamanzere uja umautumiza mamita 50 pachifuwa pa mnzake. Hawthorn inapambana 115 kwa 89.

Funso langa ndi ili: mukadakhala inu pampando uja mu 2001, mukudziwa zonse zimene zinadzachitika, mukadatenga ndani? Nanga wosewera timamuyeza ndi chiyani, luso la m'miyendo mwake kapena zimene timu inakolola iye ali momwemo?

Wa ku Senga Bay ali ku Perth

Alamu, mwandikokera pabwalo, ndiye ndiyankha pabwalo pomwepo.

Inu mumawerenga zikho. Koma chikho chimatengedwa ndi anthu oposa 20, osati mmodzi. Taonani amene anamuzungulira Hodge. Mu mtolo womwe uja wa kwa Fremantle munalinso nambala 36, ndipo Hawthorn inatengera Sam Mitchell, yemwe anadzalandira Brownlow, mendulo ya wosewera wa chaka, ya 2012. Mu 2004 inatenga Jarryd Roughead pa nambala 2, Lance Franklin pa 5, Jordan Lewis pa 7. Mu 2007 Cyril Rioli pa 12. Ngakhale Croad amene anamugulitsa uja anabwerera, mu 2008 anali m'timu yotenga chikho. Kochi Alastair Clarkson anali nawo zaka zonse za zikhozo. Mukadamuika Judd m'nyumba imeneyo, zikho zikadachepa?

Tsopano tamuonani Judd payekha. Matimu ankamuopa chifukwa anali atachitidwa kale maopaleshoni awiri a mapewa asanafike n'komwe mu ligi. West Coast inalimba mtima. Mu 2003, sizoni yake yachiwiri, anapita ku Brisbane kukakumana ndi akatswiri a nthawiyo pabwalo lawo, n'kumwetsa zigoli zisanu chigawo choyamba chokha, ali wosewera wapakati. Mu 2004 anatenga Brownlow ali ndi zaka 21. Kwa osadziwa, imeneyi ndi mendulo ya wosewera wa chaka, ndipo amavota ndi oyimbira gemu ikangotha, mavoti atatu, awiri, imodzi. Nthawi imeneyo n'kuti anthu a ku Hawthorn akudandaula kuti Hodge akuchedwa kupsa. Mu 2005 West Coast inagonja fainolo kwa Sydney ndi mapointi 4, koma Norm Smith anapatsa Judd, wa timu yogonja. Mu 2006 anakweza chikho ali kaputeni, atapambana Sydney yomweyo ndi pointi imodzi.

Kenako anabwerera kwawo ku Melbourne kumapeto kwa 2007, n'kulowa Carlton yomwe inali kufupi ndi kumchira, ndipo kumenekonso anatenga Brownlow mu 2010. Hodge alibe ngakhale imodzi. M'timu ya osewera abwino a chaka, ya All-Australian, Judd analowa kasanu ndi kamodzi, Hodge katatu.

Kuno ndimagwira ntchito ndi azigogo osamalidwa m'nyumba za okalamba. Pali gogo wina wamwamuna amene mayina a adzukulu ake amasokoneza, koma ukangotchula Judd maso amawala, n'kuyamba kuonetsa ndi mapewa m'mene ankatulukira pakati pa chigulu cha anthu mpira uli m'manja, masitepe atatu basi onse atsala m'mbuyo. Ndipo ngakhale pochoka anatisiyira chuma, chifukwa posinthana ndi Carlton tinalandira Josh Kennedy, yemwe anadzakhala womwetsa zigoli zambiri m'mbiri ya timu yathu.

Pamene ndikuvomerezani ndi pamodzi. Ku Carlton Judd sanafikeko ngakhale gemu yolowera fainolo, ndipo thupi linamuthera msanga. Bondo linaduka mtsempha mu 2015, n'kusiyira pa magemu 279. Hodge anakhalitsa. Koma kukhalitsa ndi kuposa ndi zinthu ziwiri, alamu. Apatseni moni achemwali ndi ana.

Namwino wa ku Linga

Abambo inu nonse awiri, mukukangana za anthu awiri amene zinawayendera. Ine mtima wanga uli pa ena amene nambala 1 inawalemera.

Ndinakhala ku Melbourne zaka ziwiri pa sukulu, ndipo ndinkachita lendi ku Footscray, dera la timu ya Western Bulldogs, komwe kulinso anzathu ambiri ochokera ku Ethiopia ndi ku South Sudan. Ndinali konko mu 2016 pamene Bulldogs inatenga chikho koyamba chichokereni 1954. Sabata imeneyo anthu anapaka mipanda ya nyumba zawo utoto wofiira, woyera ndi wabuluu. Mayi amene ndinkakhala m'nyumba mwawo anali ndi zaka zoposa 70, ndipo gemu itatha anakhala pansi pa kapeti n'kumalira ngati mwana.

Pa gemu imeneyo panali Tom Boyd, nambala 1 wa 2013. Anamutenga ndi GWS, timu ina ya ku Sydney, koma patangotha chaka chimodzi Bulldogs inamukopa ndi kontirakiti ya zaka 7 ya ndalama zochuluka, ali mnyamata wa zaka 19 woti wasewera magemu owerengeka. Kuyambira pamenepo akangolakwitsa pang'ono, nyuzipepala ndi mawailesi zinkamuwerengera malipiro ake. Pa fainolo anasewera gemu ya moyo wake. Chakumapeto, Dale Morris atamugwira Franklin, yemwe panthawiyo anali ku Sydney, mpira n'kutayika, Boyd anautola n'kuumenya ali pakati pa bwalo, unagwa n'kumadumphadumpha mpaka kulowa. Mu 2019 anasiya mpira ali ndi zaka 23, magemu 61 okha, ndalama za kontirakiti zikadalipo. Ananena poyera kuti ankavutika ndi matenda a nkhawa ndi kusowa tulo. Aphunzitsi, ameneyu mumuika pati pa sikelo yanu? Chikho ali nacho, chimene Nick Riewoldt, nambala 1 wa 2000, anachisowa pa magemu 336 ndi zigoli 718.

Pa draft ya 2014, St Kilda inatenga Paddy McCartin poyamba, n'kusiya Christian Petracca kuti apite ku Melbourne. Petracca anadzatenga Norm Smith mu 2021, ndiye anthu amati St Kilda inalakwitsa. Koma McCartin sanalephere mpira. Anagundidwa m'mutu mobwerezabwereza mpaka ubongo kumagwedezeka, anachoka atasewera magemu 35, anapuma, anabwerera mu ligi polowa timu ya Sydney mu 2022 n'kufika nayo fainolo akusewera kumbuyo, kenako mutu womwewo unamusiyitsa mu 2023. Ife akuchipatala timadziwa kuti zotere palibe wosankha osewera angazione pa mwana wa zaka 18.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi Jack Watts, nambala 1 wa 2008. Melbourne inamulowetsa koyamba mu 2009 pa gemu yaikulu ya tsiku la tchuthi yolimbana ndi Collingwood, pa bwalo lalikulu la ku Melbourne la MCG, mnyamatayo akadali pasukulu ya sekondale. Atangokhudza mpira, osewera atatu a Collingwood anamugwera pamodzi n'kumukhomerera pansi. Kanemayo ilipo, kaioneni. M'zaka 9 zimene anakhala ku Melbourne anadutsa m'manja mwa makochi 6, kuphatikiza ogwirizira awiri. Mu 2011 timu yake inagonja kwa Geelong ndi mapointi 186. Mwana angakule bwanji m'nyumba yotero? Anasewerabe magemu 174, omwe ambiri osankhidwa sawafika, koma mpaka lero dzina lake amalitchula ngati chitsanzo cha kulephera.

Paja nambala 1 amapita ku timu yodwala kwambiri. Hodge anachita mwayi woti Hawthorn inagula nambalayo ili timu yabwinobwino, yoti chaka chomwecho inatsala pang'ono kufika fainolo.

Kamnyamata ka pa Dwangwa

Madala, ine ndayamba kuonera posachedwa pa foni ya achimwene anga, koma yankho langa ndi loti nonse mwaphonya, wabwino ndi Dustin Martin. 2009, Melbourne inali ndi nambala 1 ndi 2 zonse, inatenga Tom Scully ndi Jack Trengove, Martin n'kupita ku Richmond pa nambala 3. Scully anasewera magemu 31 n'kusamukira ku GWS. Trengove anamupatsa ukaputeni ali ndi zaka 20, kenako phazi linamuvuta. Martin Brownlow 2017, Norm Smith katatu, 2017, 2019, 2020. Palibenso wina anachitapo zimenezo. Dzanja lake lija lokankhira munthu pachifuwa timaliyeserera pa Chitowe tikamadikira gemu.

Komanso mu 2001 momwemo Gary Ablett anatengedwa pa 40, ma Brownlow awiri. Dane Swan pa 58, Brownlow 2011. Ndiye nambalazi zili ndi ntchito yanji? Aliir Aliir anabadwira ku kampu ya othawa nkhondo ya Kakuma ku Kenya, anatengedwa pa 44 mu 2013, chaka cha Boyd chomwecho, ndipo mu 2021 analowa All-Australian.

Wa ku Senga Bay ali ku Perth

Mphwanga wa pa Dwangwa, pa Ablett pokha ndikukonze. Nambala 40 ija isakunamize. Kuli lamulo loti ngati bambo ako anasewera magemu ambiri m'timu, timuyo ili ndi ufulu wokutenga, ndipo bambo ake anali katswiri wa Geelong. Matimu ena sakadatha kumukhudza. Za Swan ndi Aliir wanena zoona.

Mphunzitsi wa ku Chipoka

Zikomo nonse. Ndawerenga kawiri, makamaka zanu mayi a ku Linga.

Alamu, pa luso ndagonja. Mukanditengera Judd wa 2004 mpaka 2006 n'kumuimika pambali pa Hodge wa chaka chilichonse, Judd ndi wapamwamba, ndipo ndasiya kukana. Koma pampando uja ndikadatengabe Hodge, ndipo chifukwa chake ndachipeza m'mawu anu omwe. Mwati Hodge anali ndi Mitchell, Roughead, Franklin, Lewis. Zoona. Koma Franklin anachoka kumapeto kwa 2013 kupita ku Sydney, munthu woti anadzamaliza ndi zigoli 1,066, ndipo anthu ankati Hawthorn yatha. Chaka chotsatira anakumana naye pa fainolo n'kupambana ndi mapointi 63, Norm Smith n'kupita kwa Hodge. Mu 2015 anabwerezanso, pa West Coast yanu yomwe, ndi chigoli chija anamenya ali kumzere wa m'mbali mpira n'kukhota ngati nthochi. Ndiye atakalamba, m'malo mokhala pansi anapita ku Brisbane mu 2018, timu ya ana okhaokha yomwe inathera pansi penipeni chaka cham'mbuyo mwake. Mu 2019 inamaliza yachiwiri pa ligi. Sindikuti anachita yekha. Koma kulikonse kumene anaima kumbuyo kuja akuloza ndi dzanja, anyamata omuzungulira ankasewera kuposa m'mene tinkawadziwira. Ine monga mphunzitsi chimenecho ndimachisirira kuposa liwiro, chifukwa pa anyamata 30 amene ndimakhala nawo pabwalo, othamanga amapezeka chaka chilichonse, koma wotha kukonza anzake gemu ili mkati ndimatha zaka zitatu osamuona.

Ndipo tisamuiwale wapakati uja, Luke Ball, poti tonse tamudumpha. Anagonja fainolo ya 2009 ali ku St Kilda, anachoka, Collingwood inamutenga pa nambala 30, ndipo mu 2010 anatenga chikho atagonjetsa St Kilda yomweyo, pa fainolo yobwereza poti yoyamba anafanana mphamvu. Brett Deledio, nambala 1 wa 2004, zinamuchitikira mosemphana. Anapirira ku Richmond zaka 12 za njala, anasamukira ku GWS kumapeto kwa 2016 kufuna chikho, ndipo Richmond inachitenga mu 2017, itadutsa pa GWS yakeyo pa gemu yolowera fainolo. Ndikaganiza zimenezi ndimaona kuti kuwerenga zikho kokha kuli ndi malire, apo alamu mukunena zoona. Carlton inatenga nambala 1 zaka zitatu zotsatizana, Marc Murphy 2005, Bryce Gibbs 2006, Matthew Kreuzer 2007, n'kuonjezapo Judd, koma chikho chake chomaliza chikadali cha 1995.

Mayi, mwandifunsa kuti Boyd ndimuika pati. Sikelo yanga ilibe malo ake, ndipo funso lanu landikumbutsa za mwana wina. Tinali naye m'mudzi mwathu mnyamata amene anakhoza bwino kuposa onse m'zoni pa mayeso a Sitandade 8, n'kusankhidwira ku sekondale yogonera ya boma. Mudzi wonse unamuperekeza pa siteji, amalume ake atamusenzera sutikesi pamutu, amayi ena akumupatsira usipa wouma m'jumbo. Aliyense ankamuitana kuti adokotala. Pofika Fomu 3 anabwerako atawonda, osafuna kuyankhula ndi munthu, ndipo sanabwererenso. Mnzake amene anapita ku CDSS yoyenda wapansi makilomita 7, wopanda amene ankamuyang'ana, lero akuphunzitsa limodzi nane. Timati m'mera mpoyamba, ndipo ndi zoona, koma ife olima mpunga ku Lifuwu timadziwanso kuti mbande yokongola pa nazale ikawokeredwa m'munda wopanda madzi imapserera msanga kuposa inzake.

Kanema ya Watts ija ndaipeza, ndaionera dzulo usiku. Yandigwira pamtima chifukwa Lachisanu lino tili ndi gemu ya zoni, ndipo ndili ndi kamwana ka Fomu 1, zaka 14, kamene mpira umakakamira kuphazi. Sukulu yonse yakamba za iye sabata yonse, ndipo ndinali nditamulemba kale kuti ayambe kutsogolo, kukakumana ndi otseka kumbuyo a Fomu 4 ometa ndevu. M'mawa uno ndafufuta dzina lake pa 11 oyamba. Alowa chigawo chachiwiri, kumbali, anthu aja atatopa, ndipo ndamuuza kaputeni wanga kuti asamutalikire. Bambo ake ndikawafotokozera ndekha mawa ndikaweruka.

Alamu, mukamabwera mu Disembala mundigulireko jezi ya West Coast ya nambala 3. Fainolo ya chaka chamawa tidzaionera limodzi pa foni ngati mwa nthawi zonse, kuno imayamba 6:30 m'mawa, ndipo batire ndimalitchajiratu Lachisanu.